Chinjinga Chinagona Pakhomo Tsiku la Alendo

Anzanga anayi amene tinayambira limodzi maphunziro a gulu la amayi kutchalitchi kwathu anavekedwa yunifomu mwezi watha. Ine ndinakhala pabenchi yakumbuyo ndi chitenje changa cha maluwa, kuwaombera m'manja ngati mlendo. Ondifunsa kuti zinatani ndimangowauza kuti nthawi ya Mulungu sinakwane. Koma tisamunamizire Mulungu. Nkhaniyi ndi ya ine, polishi, ndi chinjinga cha amuna anga.

Atate a Taonga amayendetsa basi ya paloji ina, kunyamula alendo odzaona mathithi. Chaka chatha mzungu wina amene anachokera kutali pa njinga yamoto anafika muno mu Livingstone msana utamukana. Anati kwawo abwerera pa ndege, njinga akuigulitsa. Anthu anzeru onse anaiyang'ana, kuyamikira, n'kumapita. Amuna anga anaigula.

Musaganize za tinjinga tija tonyamula anthu ndi matumba a makala. Ichi ndi chinthu chakuda, chachitali ngati bedi, matayala onenepa, mpando wachikopa, mapaipi awiri onyezimira. Chikalira, mbale za mukabati zimavomera. Ufa sichinyamula, akuti chingakandike. Mwana kusikelo sichiperekeza, akuti mphepo. Ine ndinakwerapo kamodzi, kuchoka kuno ku Libuyu kupita ku Linda, ndipo ndinatsika ndi chipsera cha paipi pakatumba (chilipobe, ndicho gawo langa pa chuma chimenechi).

Nyumba yathu ndi ya zipinda ziwiri, khomo limodzi, yopanda mpanda. Ndiye mukuganiza mfumukaziyi ingagone panja? Imagona pabalaza. Madzulo aliwonse bambo amaika thabwa pasitepe, kuilowetsa, kuipukuta ndi thawulo limene ine sindiloledwa kupukutira mwana. Mipando inakankhidwira kukhoma. Ndinapirira. Ine kupirira ndimakutha, funsani aliyense.

Tsono kwathu, musanavekedwe yunifomu, akuluakulu a gulu amabwera kunyumba kudzaona makhalidwe anu. Amasuzumira pansi pa mipando, amaona kunsi kwa mapoto, amamvetsera mmene mumayankhulira. Ine anandiuza kuti abwera Lachinayi, 2 koloko masana: Amayi abusa eniake ndi Ba Sakala, wapampando wa gulu. Ndinali nditadikira tsikuli chaka chonse.

Lachitatu ndinawauza bambo. "Mawa chinthu chanuchi muchitulutse musanapite. Mukachisiye kwa anzanu."

"Osadandaula, amake Taonga. Ni nkhani ya mphindi ziwiri chabe."

Podzuka ine, munthu anali atapita kale ndi alendo ku Kazungula, makiyi m'thumba, foni yosayankhidwa. Chinjinga chili phee pakati pa balaza, chikundiyang'ana ndi chidiso chake chimodzi.

Poyamba ndinati ndingochizungulira. Ndinakolopa, ndinapaka polishi wofiira, wauma, ndinapakanso kachiwiri. Kenako ndinavala masokosi akale a bambo n'kuyamba kuseseretsa mapazi mpaka pansi panayamba kuonetsa nkhope. Simenti imeneyo inawala, abale. Ntchentche ikanatera ikanathyoka mwendo.

Kenako ndinati ndichibise. Ndinachifunditsa zitenje ziwiri, pamwamba ndinayala kansalu koluka, n'kuikapo botolo la maluwa apulasitiki. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndione. Aneba athu, Bina Mutinta, anasuzumira pakhomo atanyamula tomato amene ndinawatuma.

"Mayo! Ni ndani wamwalira?"

"Ndi tebulo," ndinatero.

"Tebulo ya matayala? Amake Taonga, Amayi abusa bazayamba nyimbo ya maliro bakalibe kukhala pansi."

Atachoka ndinavundukula, ndinaima manja m'chiuno n'kuyamba kuganiza. Apa ndi pamene panalakwika, chifukwa maganizo anga anali omveka bwino kwambiri. Ine ndimasenza chigubu chodzaza madzi mwana ali kumbuyo. Amuna anga botolo la jamu amandipatsa ine kuti ndiwatsegulire. Ndawaona kangati akuchitulutsa? Amakhalapo, kufinya kachitsulo ka dzanja lamanzere, kukankha kamwendo koimikira, n'kumabwerera chambuyo ndi mapazi mpaka panja. Zimenezo n'zofuna satifiketi?

Taonga, wa miyezi khumi, ndinamukhazika m'beseni pakhomo la kuchipinda n'kumupatsa supuni. Ndinaika thabwa pasitepe. Ndinakwinya siketi yanga ya kutchalitchi, imene ndinali nditavaliratu, n'kukwera. Masokosi aja sindinavule.

Zinayamba bwino, ndisaname. Ndinafinya kachitsulo, ndinakankha kamwendo, chinjinga chinayamba kuyenda chambuyo mwaulemu. Tayala lakumbuyo linatuluka pakhomo. Mumtima ndinayamba kale kukonza mawu okawanyoza nawo bambo madzulo. Kenako phazi lamanzere linanyamuka lokha ulendo wake, osatsanzika.

Chinthu chimenechi sichigwa mwamsanga ayi. Chimapendekeka pang'onopang'ono, kukupatsa nthawi yokumbukira machimo ako onse. Ndinalimbana nacho, ndinaitana Yesu, koma masokosi pa polishi wopaka kawiri alibe chikhulupiriro. Chinagona chopingasa pakhomo, theka mkati theka panja. Mwendo wanga unapulumuka chifukwa cha chitsulo chokhota cha m'mbali, koma siketi yonse inapanikizika pansi pake. Ndinakhala pansi ngati mbuzi yomangidwa chingwe chachifupi.

Ndiyeno chinayamba kukuwa. Chaka chathunthu tikugona nyumba imodzi, sindinkadziwa kuti chili ndi alamu. Wiu! Wiu! Wiu! Agalu a mu Libuyu monse analandira nyimbo. Petulo anayamba kudontha pa simenti yanga. Taonga m'beseni akumenya supuni, kuseka mpaka dovu (mwana wa atate ake ameneyu).

Ndinakoka siketi, yakana. Ndinakokanso, yang'ambika pang'ono. Ndinaona kuti njira ndi imodzi: ndinamasula zipi n'kutulukamo ngati njoka yofundula. Mkati ndinali nditavala kabudula wampira wa bambo, wobiriwira, wa nambala 9 pantchafu.

Apa ndiye kupirira kwa chaka chonse kunaphulika. Ndinaima pamwamba pake n'kuchiuza zonse.

"Chimfiti iwe! Hule wotayidwa ndi azungu! Wandilanda mwamuna, wandilanda balaza, lero wandivula ndi siketi yomwe? Galu!"

Enawo sindingalembe. Ndingoti ndinatchulamo ziwalo zimene njinga ilibe, ndipo anakhudzidwamo ndi apongozi anga a ku Katete, amene sanalakwe kanthu. Ndinkakuwa kuti ndipose alamu. Vuto ndi lakuti alamu ija imasiya yokha. Inasiya, ine ndinapitiriza ndekha ziganizo zina zitatu, momveka bwino ngati pa maikolofoni.

Nditakweza maso, kuseri kwa tayala kunali mabulauzi awiri oyera. Anthu a Mulungu anafika mofulumira ndi theka la ola. Kumbuyo kwawo kunali komboni yonse.

"Odi kuno," anatero Amayi abusa, motsitsa mawu.

Ndinagwada. Mu kabudula wa nambala 9, ndi masokosi obooka, ndinagwada n'kunena kuti, "Lowani, Amayi." Alowera pati?

Azibambo atatu amene anali panjapo anayamba ntchito yawo ya masiku onse, yopereka nzeru. Wina anati tiyitane kireni. Wina anati tichotse chitseko. Wachitatu ankajambula pafoni. Ba Sakala, mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, anangowayang'ana, n'kupatsira Amayi abusa chikwama chawo.

"Chokani apo imwe. Ine nayenda pa njinga yamoto zaka zambiri ku Petauke, kupereka katemera m'midzi. Bina Mutinta, gwirani kumbuyo uko. Iwe mwana, vula masokosi."

Anadumpha tayala, analowa, anayala chiguduli pansi kuti asaterereke. Anafulatira njinga, kutsamiritsa chiuno pampando, dzanja lina pa handulo lina pachitsulo chakumbuyo, n'kuyamba kukankha ndi miyendo. Ine ndi Bina Mutinta tinangothandizira. Chinadzuka! Anachitsitsa pathabwa, anachiimika pansi pa mtengo wa mango, azibambo aja akuti, "Eya, ni mwamene tinali kukambira."

Pobwera Ba Sakala, bulauzi yawo yoyera inali ndi mzere wa oilo kuyambira paphewa mpaka m'chiuno.

Tinakhala pansi ndithu. Ndinamanga chitenje, ndinawapatsa tiyi amene ankamveka petulo. Amayi abusa anayang'ana pansi, anayang'ana mapoto, anamunyamula Taonga.

"Nyumba mumasamala, mwana wanga, mwina mopitirira. Koma yunifomu imavala thupi lonse, ndi pakamwa pomwe. Tidzabweranso mvula ikatha." Anandilembera mavesi asanu onena za lilime.

Ba Sakala potuluka anandinong'oneza kuti, "Mawu ena aja ngakhale ine sin'nawamvepo. Munaphunzira kuti?"

Bambo anafika dzuwa likulowa. Anaona njinga panja, anaona pokandika pathanki, anagwada n'kupasisita ngati bondo la mwana. Ine ndaima pomwepo ndi chigongono chotupa.

"Ni ndani anaidzutsa?" anafunsa.

"Ba Sakala."

"Na bandani?"

"Okha. Ife tinangogwirizira."

Anatembenukira njinga yawo n'kupitiriza kuisisita. Pambuyo pake ndinamva kwa anzawo kuti inawagwerapo kawiri kuloji, ndipo ulendo uliwonse ankaidzutsa amuna anayi.

Mavesi aja ndaloweza atatu. Mvula yatsala pang'ono kutha, chinjinga chikugonabe pabalaza, ndipo Amayi abusa akuyembekeza kuti ndaphunzira kugwira lilime. Ndaphunziradi zambiri. Njinga imatulutsidwa usanapake polishi, ndipo ukafuna kuiuza zakukhosi, uziyamba wasuzumira panja.