Tsiku limene apongozi anaiwala kutsimphina

"Amene akuti ndimanama abwere pano adzagwire zidendene zangazi!"

"Palibe akufuna zidendene zanu, bambo a Lute. Ine ndikuti lero mutseke pakamwa, mugwire ndodo, mutsimphine basi."

Amenewo anali apongozi anga, a Chikuse ndi akazi awo a Nabanda. Chipinda changa ndi chawo zinalekana ndi kakhoma kosafika kudenga, moti wina akatsokomola uko ine ndinkati pepani kuno. Mmawa umenewo ndinali kuyamwitsa Tadala, ndipo ndinamva zonse.

Chinali chaka china cha makuponi a feteleza. Mudzi wathu ku Wimbe unapatsidwa malo ochepa, ndipo anati oyamba kulembedwa akhale okalamba opanda mphamvu. Amuna anga anali kuesiteti ya fodya, ife tonse tinkadalira munda umodzi, ndipo dothi lathu lopanda feteleza limabereka chimanga cholekeza m'mawondo. Ndiye apongozi aamuna anakhala masabata awiri akuphunzira kutsimphina. Vuto linali loti Lolemba ankatsimphina mwendo wamanja, Lachiwiri wamanzere.

A mlangizi a zaulimi odzalemba mayina anafika dzuwa litakwera, mtsikana ndithu, panjinga yamoto, buku m'chikwama. Apongozi anatuluka akubuula, akukoka mwendo, a Nabanda atawagwira m'khwapa. Zonse zinkayenda bwino. Cholembera chinali chitakhudza kale pepala pamene a mlangizi anati, "Pepani ndachedwa. Pa Boma msewu anautseka, kukudutsa anyamata a ulendo wa ndawala. Achokera pabwalo la mpira ku Lilongwe, akukathera pabwalo la ku Mzuzu, wapansi, kupempha thandizo la chipatala. Koma anthu aja ndi amphamvu!"

Ndinaona a Nabanda akutsinzina.

"Amphamvu?" anatero apongozi. "Kuchokera pa Lilongwe pomwepa? Mwana wanga, ika cholemberacho pansi.

"Ulendo umenewo woyamba kuuyenda m'dziko muno ndine, ndipo amene akukana akafunse msewu. Ine sindinayambire pa Lilongwe ngati wopita kuchigayo ayi, ndinayambira pabwalo lalikulu la ku Blantyre, oimbira mpira atangoliza wezulo yoyamba, nditavala nsapato za tayala la thirakitala, cholinga changa kupezera odwala mabulangete, ndipo tinanyamuka anthu odzaza malole atatu koma pofika pa Lunzu ndinacheuka n'kupeza ndatsala ndekha ndi chithunzithunzi changa. Mukumva? Nsapato zija zinathera pa Ntcheu, ndinapitiriza ndi zidendene, zidendene n'kumathetheka moto pamsewu wa phula, amayi a m'mbali mwa msewu n'kumathamanga ndi udzu kudzapala moto kumbuyo kwanga. Pa Dedza chithunzithunzi chija chinati achimwene ine ndatopa, chinakhala pansi pa mtengo, ndinachisiyira ya basi, chinandipeza patapita mwezi chitaonda.

"Pa Lilongwe ndinalowera chipata chakummwera kwa bwalo mpira uli mkati, osaima, mpira wina unandimenya pamphumi n'kukalowa m'golo, anthu n'kudzuka kufuna kundinyamula koma ine ndinali nditatulukira kale chipata chakumpoto, ndipo chigoli chimenecho mpaka lero matimu awiri aja amakanganirana kuti n'cha ndani. Ndikulumbira pali manda a amalume anga! Ndiye anthu poona chifundo changa anayamba kupereka, wina nkhuku, wina mbuzi, wina dzungu, wina chitseko, zonse ine pamutu, nkhuku zija n'kuikira mazira m'chipewa, n'kufungatira, n'kuswa, moti pofika pa Mponela anapiye aja anali atambala akulira pamutu panga kundiuza nthawi.

"Bua ndinamupeza atadzaza mpaka m'mitengo, mlatho osaoneka, koma ndinawoloka mwaliwiro loti madzi anazindikira mawa lake kuti papita munthu. Mukumva, mwana wanga? Pano pa Kasungu ndinadutsa nthawi yokolola fodya, mphepo ya miyendo yanga inaumitsa fodya yense m'zigafa tsiku limodzi, alimi n'kumanditsatira ndi mabelo kuti ndidutsenso kawiri. Njovu ina yochokera cha ku Chisemphere inati tiyendere limodzi, ndinati tiye, koma pa Nkhamenya inatuluka matuza mapazi onse anayi, ndinachita kuinyamula pamwamba pa chitseko chija mpaka pa Jenda. Maenje mukuwaona mumsewumu, amene anthu akhala akukwirira zaka zonsezi osatha, si mvula ayi, ndi mapazi anga!

"Ndipo nditalowa pabwalo la ku Mzuzu, n'kutula katundu yense, wina anatsegula wailesi, ndipo mpira uja ndinausiya ku Blantyre unali utangofika pa hafu taimu!"

Ine ndinafuna kufunsa kuti nanga anapiye anakula bwanji mpira usanathe, koma mtengwa safunsa zotero. Komanso panali china choopsa kuposa anapiye. Apongozi anali ataimirira kalekale. Ndodo inali uko pafupi ndi khola. Pofotokoza za Bua anazungulira bwalo lathu kawiri, pofotokoza za njovu analumpha mtondo.

A mlangizi anatseka buku.

"Agogo, ndasangalala. Koma malowa ndi a anthu ofooka. Inu mphamvu zimenezi mukhoza kupita wapansi kumene amapangako fetelezayo n'kukasenza nokha."

A Nabanda sanakalipe. Anangokhala pansi n'kutambasula miyendo, maso ali kumunda.

Kwathu mtengwa sayang'anizana ndi apongozi aamuna n'kuwauza zochita. Ndiye ndinagwada chapatali, ndinamasula Tadala kumsana n'kumukhazika pansi, ndipo ndinalankhula ndi iyeyo mokweza.

"Tadala, wamva? Chaka chino phala kulibe. Ukamva njala mwezi wa Febuluwale uzikapempha agogo ako akufotokozere za njovu."

Mwanayo, ngati wamva, anakwawa n'kukagwira chala cha phazi la agogo ake. Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pa mtondo uja anaulumpha, ndipo ndinamva mawondo akulira ngati nkhuni zouma. Kumeneko sikunali kunamizira ayi.

"Nenani nokha, bambo a Lute," anatero a Nabanda. "Ine ndinalipo."

"Ulendowo unalipo ndithu," anatero apongozi, mawu ali pansi. "Anakonza ndi a kumpingo."

"Kuchokera kuti?" anafunsa a Nabanda.

"Pabwalo la mpira la pasukulu apa."

"Kukafika kuti?"

"Unayenera kukafika pabwalo la pa Boma."

"Inu munafika pati?"

"Padambo la a Jere."

Dambo la a Jere limaoneka munthu utaima pakhomo pathu.

"Munabwerako bwanji?"

"Pangolo," anatero apongozi. "Miyendo inatupa. Kuyambira tsiku limenelo siinabwererenso mwakale. Kulumpha kumene ndalumphaku ndigona nako masiku atatu."

A mlangizi anaseka mpaka anapukuta misozi ndi mpango. Anatsegula buku lija n'kufunsa kalembedwe ka dzina, ndipo ananena kuti munthu wolekezera ulendo padambo la a Jere ali mnyamata sangakhale wamphamvu atakalamba. Njinga yamoto itapita, a Nabanda anatola ndodo ija n'kukaiponya padenga la khola.

Ndinali nditaphika futali, mbatata yothira nsinjiro. Ndinawapakulira m'mbale imodzi n'kukawaikira m'chipinda mwawo, ine n'kubwerera kwanga. Ndinamva akusamba m'manja, ndinamva mphasa ikulira pokhala. Kenako masupuni anayamba kulira m'mbale.

"Nabanda," anatero apongozi, chakudya chili m'kamwa. "Koma ngolo ija, ukukumbukira kuti ng'ombe zinatopa panjira? Amene anaikoka kufika nayo pakhomo pano ndine, ng'ombe zonse ziwiri zitakwera."

"Idyani, bambo a Lute," anatero a Nabanda. "Kuponi ikatuluka, matumba awiriwo mukasenze nokha."