Mpira Wogwera Pakati

Lolemba
Ntchito yayamba. Timu ya volebo ya amayi a kuno ku Zakazaka yagonja katatu kotsatizana kwa amayi a ku Songani, ndipo Loweruka tikukakumana nawonso kwawo. Ndauza a Jafali, kochi wathu, pamaso pa onse kuti vuto si manja, vuto ndi kusawerenga. Ndaphunzitsa masamu mpaka kupuma pa ntchito, ndiye mpira umodzi sungandikanike. Andipatsa mpando m'mbali mwa bwalo, ati tikapambana ukhala wanga mpaka kalekale.
Papepala ndalemba mizere itatu ndi rula:
kuseva
kulandira
kulakwitsa
Zooneka bwino zedi!

Lachiwiri
Masewera okonzekera atatha ndawerenga zotsatira mokweza. Olakwitsa kwambiri ndi a Abiti Saidi, kaputeni: 11. Amene sanalakwitse ndi kamodzi komwe ndi Mwandida, wamng'ono pa onse. Ndamuombera m'manja, ndekha.
A Abiti Saidi akuti, "Aphunzitsi, ine ndimalakwitsa chifukwa mpirawo ndimaugwira." Ndawayankha kuti pepala silikondera.

Lachitatu
Kulakwitsa kwatsika kuchoka pa 34 kufika pa 5! Tsiku limodzi lokha!
Kungoti mpira sukubwerera kutsidya kwa neti. Ukamabwera, aliyense akupatuka mwaulemu ngati akupatsana malo pamkeka. "Ndi wanu, achemwali." "Ayi, ayambe akulu." Mpira uli phi! pakati. Wagwa chotero ka 17, ndipo wogwera pakati ulibe mwini, sindikudziwa dzina loulembapo.
Ndawonjezera mzere wachinayi: kuonerera mpira. Ndizilemba pa dzina la amene ali pafupi.

Lachinayi
Palibe akufuna kukhala wapafupi. Mpira ukangonyamuka, amayi asanu ndi mmodzi balala, aliyense kukona kwake. Pakati pa bwalo pali mbee, mbuzi yadutsapo kawiri osasokoneza kanthu.
A Jafali akhala pansi, chipewa kumaso. Ndawafotokozera kuti manambalawa ndi olondola, chofunika ndi kuyamikiranso ogwira mpira. Mzere wachisanu mawa. Pepala ndaligoneka chopingasa kuti mizere ikwane.

Lachisanu
Tayamba mochedwa, podikira anzathu kuti achoke ku mzikiti. Nkhungu yatsika m'phirimu, kukuzizira. Ndalengeza kuti wogwira mpira kwambiri ndimutchula woyamba.
Zotsatira:
kugwira mpira: 88, sizinachitikepo
kugundana mitu: 6
mlomo wotupa: 1, wa Mwandida
Onse akuthamangira mpira umodzi, ulemu wa Lachitatu uja watha. Kochi andiitanira pambali, akuti mawa ndilembe ndithu, koma chamumtima, ndisawerengere munthu. Ndavomera. Manambala abwino safuna phokoso.

Loweruka
Ku Songani. Anthu adzaza bwalo, ena akwera pachulu. A Jafali auza amayi kuti aiwale pepala langa, amenye mpira monga kale. Ndamva, koma pepalalo ndalitulutsa ndithu.
Ndipo akuumenyadi! Maseti awiri athu, awiri awo. Seti yomaliza ithera pa 15. Kuno kulibe bolodi, mapointi ali m'mutu mwa refa, bambo wothamanga mtima amene akuitananso anthu kuti achotse njinga pamzere. Ine pointi iliyonse ndikuilembera kamzere papepala langa.
A Abiti Saidi amenya mpira, wagwera mkati. Refa akuti 15 kwa 13, Zakazaka yapambana. Nthungululu, zitenje m'mwamba, Mwandida wandikumbatira. A ku Songani akukana, akuti refa wadumpha pointi imodzi. Mkangano wakula. Kenaka refa waona mpando wanga ndi pepala.
"Agogo, inu mwalemba bwanji?"
Amayi athu onse maso pa ine. A Jafali akutsokomola ngakhale alibe chifuwa. Ndayang'ana pepala, ndawerenga timizere kawiri, kuyambira pamwamba, kenaka kuyambira pansi.
"14 kwa 13."
Masewera apitirira. Tagonja 14 kwa 16.
Kaputeni wa ku Songani wandigwira chanza ndi manja awiri. Mu minibasi pobwerera aliyense wakhala kutali ndi ine. Ndakhala pampando wa anthu atatu ndekha, miyendo yotambasula.

Lamulungu
Pobwera kutchalitchi ndapeza a Jafali akundidikira pakhonde. Alonjera mpaka nkhuku, kenaka afika pa nkhani. Timu yakhala pansi, akuti ikundilemekeza kwambiri, ndipo yandipatsa udindo wina: kusunga zikwama ndi mafoni kuseri kwa kalasi, kumene bwalo silioneka. Akuti pakufunika munthu wokhulupirika, ndipo dzulo aliyense waona kuti ndine.
Pamenepo sakunama. Ndavomera.
Atapita ndabwerezanso kuwerenga seti ija, mwina ndinaphonya kamzere kamodzi. Ndikanakonda. Ndi 14.