Dzina Limene Ndinapatsa Mzungu wa Magalasi Akuda

Mukugwirana zigongono chifukwa chiyani? Ndakuonani, inu a madigiri. Amene akuti Kamwendo ndi wabodza aimirire anene ndili pompano, osati kukandidya pa basi.

Sukulu ndinalekeza Sitandade 6, inde, koma besibo, mpira wa ku Amereka uja womenya ndi chibonga, ndinausewera muno mu London kuyambira m'ma 70 mpaka mawondo atakana m'ma 80. Mkati mwa sabata ndinkatsuka mabasi ku galaja. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi ndinali pa paki ku Woolwich, mu kaligi kakang'ono ka ife a maovolosi, nditaima pakati pa besi yachiwiri ndi yachitatu, malo aja amene womenya mpira amathamangira kukaponda, pamene mpira umadutsa ngati chipolopolo. Pa ine sipankadutsa ngakhale ntchentche. Mukumva? Tsiku lina kunagwa chifunga choti dzanja lako lomwe osaliona, mzungu wina n'kuumenya mpira, ine kungoununkhiza basi n'kuliyatsa liwiro, wadumpha mpanda ine ndadumpha, walowa mumsika pakati pa makabichi ine ndili pambuyo, mpaka unakwera feri ija yowolotsa anthu ulere pa mtsinje wa Thames ine n'kukwera nawo, kukautola tsidya linalo n'kuuponya ndili komweko, ndipo unafika pa besi yoyamba wothamanga uja akadali m'njira, gulovu ya mnzanga n'kuyamba kufuka utsi mpaka tinachita kuizima ndi tiyi. Ndikanama ndife lero.

Ndinkafuna chinthu chimodzi chokha: kuchoka m'matope a ku Woolwich, kupita ku Amereka kumene besibo imadyetsa munthu. Kochi wathu ankati tsiku lina adzabwera munthu wosaka osewera, tizikonzeka.

Koma inu simudziwa mmene tinkakhalira ife othawa kumudzi. Masiku amenewo munthu wachilendo akakufunsa dzina ndi kumene ukukhala, sabata yamawa amalume ako kumudzi atengedwa ndi galimoto. Akazitape anali ponseponse, m'kwaya momwe.

Ndiye kunayamba kubwera mzungu wina, chipewa, jekete lalitali, magalasi akuda dzuwa kulibe. Lamulungu lililonse ali pa mpanda, maso pa ine ndekha. Ndinati ameneyu amutuma a boma la kwathu. Kuti adziwe kuti ine sangandigwire, ndinasewera ngati ndalowedwa, mpira umodzi kutulutsa nawo anthu atatu, wachinayi anangodzitulutsa yekha ndi mantha ali m'chimbudzi, ndipo mpira wina ndinauwakha ndi mano uku ndikumanga nsapato. Mukumva?

Titamaliza anandiitana ndi chala. Anandifunsa m'Chingerezi cha m'mphuno, “Mnyamata, dzina lako ndani? Umakhala kuti?”

Mwaona? Mafunso omwe aja. Mu timu mwathu munali Mmalawi mnzanga, Jailosi Mbewe, wokhalira pa benchi, manja ngati sopo, mpira uliwonse kugwetsa. Ndinali ndikumukayikira kale, chifukwa ankaseka kwambiri ndiponso ankakonda kufunsa za abale anga. Ndinati ngati ali amodzi, atengane okhaokha.

“Jailosi Mbewe,” ndinatero. “Ku Ilford, pamwamba pa butchala.”

Sipanapite nthawi, kochi anatisonkhanitsa, akuti mzungu uja anali wosaka osewera, ndipo tikiti ya ndege yafika kale kwa Mbewe. Anthu onse anandiyang'ana ine. Mbewe anangoti, “Achimwene, ndi chisomo,” mano onse pamtunda. Anakwera ndege atavala suti yobwereka, ine ndinabwerera kukatsuka mabasi, n'kuseweranso m'matope omwewo mpaka mawondo atakana.

Musaseke. Inu mukuti ndinadzitayira mwayi? Maganizo a ana obadwira mu ufulu amenewo. Ndiuzeni, wosaka osewera wake uti amene angatenge Mbewe n'kumusunga? Akanamubweza pa ndege yomweyo. Koma Mbewe sanabwerenso, mpaka lero. Amangotumiza zithunzi, wanenepa, waima pambali pa chigalimoto chachitali, mkazi apa, ana apa, akuseka. Inu mumati akusangalala. Ine ndimayang'ana m'maso mwake. Munthu akagwidwa amamuuza kuti seka, amaseka.

Ndege imene ija inali yanga, ndipo ndinaizemba. Ndani pano anazembapo boma ndi Amereka tsiku limodzi?