Tsiku limene ndinatulutsa azungu panja ndi masamba a bulugamu

Pali msewu wina muno mu Leicester, ku Mangalande, umene basi ikamadutsa ine ndimayang'ana pansi ngati ndagwetsa singano. Pamsewupo pali chinyumba chachikulu chosambiramo, ndipo m'menemo muli anthu amene nkhope yanga sadzaiiwala. Ndikuuzani mmene zinakhalira, koma museke moyeza, ndine munthu wamkulu. (Dzanja langa silinazolowere cholembera. Akundilembera ndi mwana wanga Tiyamike, ndipo ndamuuza kuti asakometse kalikonse.)

Chinayambitsa zonse ndi pakamwa pangapa. Ine ndinabadwira ku Chikwawa, kumene ngakhale mthunzi umatentha. Kuno ndinabwera ndi amuna anga, aPhiri, pamene Tiyamike anabereka mwana wake woyamba. Tinati tithandize kulera pang'ono, koma mwana tinadzalerayo pano ali ndi ndevu. APhiri anatisiyira konkuno, ndipo tinawaika kumanda a kunja kwa tawuni, poti ananena okha kuti tisavutitse ana ndi kukweza mtembo pandege. Zaka zonsezi moni wanga unali umodzi. Munthu akandifunsa kuti mwadzuka bwanji, ine ndinkati tadzuka, koma kuziziraku kutipha. Ndinkanena kunyumba, ndinkanena kutchalitchi, ndinkanena ngakhale dzuwa likuwala. Sindinkatanthauza kanthu ayi. Zili ngati mmene mkazi amadandaulira za mwamuna wake pachitsime, madzulo n'kukamusankhira nthuli yabwino.

Ana anga anazitenga zenizeni. Mwana wanga wamwamuna, Mavuto, amakhala ku Amerika, dera lotchedwa Florida, m'mbali mwa nyanja yamchere. Tsiku lina anaimba foni yoonana nkhope ija n'kuyamba kundiyendetsa pakhomo pake. Anandionetsa mtengo wa mango, anandionetsa mapapaya, kenako anatsegula chitseko china. Munali bedi, makatani amaluwa, mpando pawindo, khoma lopaka utoto watsopano.

"Amayi, chipinda ichi ndi chanu," anatero. "Mwazunzika mokwanira ndi chisanu. Bwerani mudzapumire kuno, mawondo anuwo adzamasuke."

Tiyamike anali kumbuyo kwanga akumwetulira, akuti mapepala a ulendo anayamba kale kuwayendetsa. Anapangana osandiuza kuti andisangalatse. Ine ndinaomba m'manja n'kuthokoza. Nanga ndikanatani? Mwana akakupakira chipinda utoto sunena kuti ayi.

Zabwino zinalipo, ndisaname. Kukazizira mawondo angawa amalira ngati chitseko cha khola. Kumeneko munthu suvala majuzi atatu ngati anyezi, zovala zimauma pachingwe tsiku lomwelo, mango umathyola wekha, osati awa ogula kuno amene amapsa ndi chisoni. Koma ndikamufunsa Mavuto mozungulira, zina zinkatuluka. Kumabwera mphepo ya mkuntho, anthu n'kukhomera matabwa m'mawindo n'kuthawa. M'ngalande za kumeneko muli ng'ona (ine ndinasiya ng'ona mu Shire, ndikazilondolenso ku Amerika?). Basi ndi yosowa, popanda galimoto sukagula ngakhale mchere, ndipo iye ndi mkazi wake amachoka m'mawa kubwera madzulo. Kuno ndili ndi khadi langa la basi la okalamba, ndimayenda ndekha. Pakona pathu ku Highfields pali sitolo ya mmwenye wina wobadwira ku Limbe, amene Chichewa chake chimaposa cha adzukulu anga, ndipo amandisungira chinangwa ndi therere. Zonsezi ndinkazitchula, ana n'kumazipha chimodzichimodzi. Mphepo? Nyumba ndi yolimba. Ng'ona? Sizilowa m'nyumba.

Chifukwa chenicheni sindinachitchule, koma inu ndikuuzani. Loweruka lililonse ndinkanena kuti ndikupita kumsika, pamene ndikukwera mabasi awiri kupita kumanda. Ndinkatenga katsache m'chikwama, kusesa pamene agona aPhiri, n'kuwauza nkhani za mlunguwo. (Kumsika ndinkadzerako pobwerera, kuti lisakhale bodza lathunthu.) Mukudziwa inu kuti kwathu munthu salowa kumanda yekha popanda maliro. Akakuona amati ndiwe mfiti. Ana anga ndinawalera ndi mwambo womwewo, ndiye ndikanayamba bwanji kuwauza kuti mayi wawo amakacheza kumasano?

Ndinakaulula kwa mnzanga Amai Mwanza, a ku Chipata, amene timaimba limodzi kutchalitchi. Za kumanda sindinawauze. Ndinangoti sindikufuna kupita, ndipo ndikusowa chifukwa choti ndiwapatse ana koma chisakhale bodza, poti yunifomu ya tchalitchi ndimavala.

"Ni nkhani ing'ono iyo," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Kuli kachipinda kamene azungu alipila kuti apye. Muzankhalamo pang'ono, mutu uzazunguluka, ndiye muzauza ana vazoona kuti thupi yanu yakana kupya."

Kachipindako akuti ndi sawuna. Nditafunsa kuti mumakhala chiyani, anati muli miyala yotentha ndi nthunzi, zofanana ndi kudzifukiza kwathu kuja. Apa m'pamene panalowera tsoka. Kudzifukiza ine ndimakudziwa: madzi owira, masamba a bulugamu, bulangete kumutu. Kufukiza ndi madzi okha n'kuwononga madzi. Mmwenye wathu uja ali ndi mtengo wa bulugamu kuseri kwa sitolo, ndipo anali atandipatsa masamba ouma a chimfine. Ndinatapa dzanja limodzi n'kumanga pansonga ya chitenje. Munthu sapita kofukiza chimanjamanja.

Tinapita Lachiwiri m'mawa, nthawi ya amayi okhaokha. Amai Mwanza anandibweretsera chovala chosambira, kansalu kosakwana n'kupukutira mphuno komwe. Ndinakana. Ndinavala sikipa yakale ya aPhiri, chitenje ndi duku. Mtsikana wa pakhomo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutilowetsa.

M'katimo munali ngati m'nkhokwe yamatabwa, mabenchi awiri, lina pamwamba pa linzake, ndipo pakona panali mulu wa miyala pamwamba pa chitofu. Amayi atatu achizungu anakhala chete, ofiira ngati tomato. Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kudikira chizungulire.

Abale anga, kutentha kuja kunandilonjera ngati m'bale. Inali Chikwawa ya mu Okutobala yeniyeni. Mawondo amene kwa zaka sanapindike bwino anayamba kumasuka okha, msana unawongoka, ndinatsala pang'ono kuyamba nyimbo. Azungu aja anatuluka mmodzimmodzi, ena n'kulowa, iwonso n'kutuluka. Amai Mwanza, mwini nzeru, sanachedwe. Anangoti ine nafa, n'kuthawira kudziwe losambira. Ine mutu uli bwinobwino.

Ndinayamba kuchita mantha. Thupi langa linkandipereka. Ndikabwerera kunyumba chonchi, choonadi chikanakhala chakuti kutentha kumandikonda, ndiye basi tikiti ya ndege. Ndinakwera benchi lapamwamba. Palibe. Ndinaona mayi wina akutunga madzi m'ndowa ndi chikho chamtengo n'kuthira pamiyala, nthunzi n'kuti fuu. Ndinatsika n'kuthira zikho zinayi. Mayi uja anatola thawulo lake n'kutuluka osatsanzika. Ndinathira otsalawo. Thukuta linkatsika, koma chizungulire ayi.

Nditatsala ndekha ndinakumbukira masamba. Bulugamu ndi amene amagwetsa ngakhale mwamuna wamphamvu pansi pa bulangete. Mphika munalibe, ndiye ndinawamwaza pamiyala pomwepo, n'kuti ndithirepo madzi. Kuyang'ana m'ndowa, mbee. Ndinali nditawamaliza ndekha.

Poyamba fungo lake linali la kwathu. Ndinatseka maso, ndipo ndinakumbuka mmene ndinkawafukizira aPhiri akadwala, iwo akukalipa pansi pa bulangete kuti ndikufuna kuwapha, ine nditagwira m'mphepete kuti asathawe. Ndinakhala nawo pamenepo kanthawi. Potsegula maso, si nthunzinso, ndi utsi, ndipo kamoto kakuvina pamiyala. Ndinavula duku n'kuyamba kukamenya. Moto unazima, duku linapsa pakati, utsi unachuluka. Ndiye ndinachita zimene mayi aliyense amachita kukhitchini kukadzaza utsi. Ndinatsegula chitseko n'kuyamba kuukupizira panja ndi chitenje.

Chinthu chinalira padenga. Sindinamvepo kulira kotero. Anthu antchito anayamba kuthamanga akulozera aliyense kukhomo, ndipo chinyumba chonse chinakhuthukira panja: agogo a m'dziwe akudontha madzi, azibambo onyamula zitsulo, amayi ndi makanda awo okulunga m'mathawulo. Unali mwezi wa Febuluwale, kamvula kowaza kaja kakugwa. Anatigawira timapepala tonyezimira toti tifunde, ndipo tinaima poimika magalimoto ngati nsomba zokulunga zodikira uvuni. Kuzizira kumene ndinakunamizira zaka zonse kuti kukundipha, tsiku limenelo kunayesadi.

Galimoto yozimitsa moto inabwera. Patapita kanthawi bambo wina wachisoti anatuluka, dzanja lina masamba opserera, dzanja lina duku langa. Bwana wa pamalopo anafunsa kuti mwini wake ndani. Amai Mwanza ananditsina n'kunong'ona kuti nkhalani zii. Komatu ine ndinabwera kumeneko pothawa bodza. Ndinakweza mkono ngati mwana wasukulu, ine amene m'kalasi sindinakhalemo. Chizungu changa ndi chogulira tomato, ndiye ndinangoti sore, zotsalazo anamasulira Amai Mwanza. Wachisoti uja ananunkhiza masamba n'kuyamba kuseka mpaka mapewa kugwedera. Bwana sanaseke. Gogo wina wachizungu amene ankanjenjemera pambali panga anandisisita pamkono n'kunena mawu ena, ndipo Amai Mwanza anati akuti mphuno zake zatseguka koyamba chichokereni Khirisimasi.

Anamuimbira Tiyamike. Anabwera kuchokera kushifiti, kunyumba yosamalira okalamba kumene amagwira ntchito, yunifomu ili m'thupi. Anapepesa kwa bwana nthawi yaitali, ndipo tinamvana kuti ine ndisadzapondekonso. M'galimoto anayatsa hita n'kundifunditsa jekete lake. Sananyamuke. Anangogwira chiwongolero n'kufunsa kuti kodi Amayi, mumafuna chiyani kwenikweni mmene muja.

Ndinamuuza kuti ndinkafuna kutentha kundigonjetse kuti ndipeze chokanira, koma kwandikonda.

"Ndiye simukufuna kupita kwa achimwene?"

"Ndikapita, bambo ako atsala ndi yani?"

Pamenepo zonse zinatuluka, za Loweruka, za mabasi awiri, za katsache. Ndinkayembekezera kuti adabwa, mwina achita nane mantha. Iye anaphimba nkhope ndi manja. Ndinayesa akulira, ndipo ankaliradi, koma akusekanso.

"Ndiye ndinu mumasesa? Ine ndimapita Lachinayi ndikaweruka. Ndinkadabwa kuti anthu a kumanda kuno anaphunzira kuti kusesa kosiya mizere ngati pabwalo la kumudzi. Ndinkabisa poopa kuti mundikalipira."

Ndinamufunsa ngati maluwa achikasu amene ndinkawapeza pamandapo ankaika ndi iye. Anati inde, ndipo ankadandaula kuti sakhalitsa, wina amawachotsa.

Apa ndiye manyazi anaposa a poimika magalimoto aja. Maluwawo ndinkataya ndine. Loweruka lililonse ndinkawapeza, ndipo ndinatsimikiza mumtima kuti aPhiri anali ndi chibwenzi chachizungu chimene sindinachidziwe. Zaka zitatu ndakhala ndikuwasesera uku ndikuwafunsa kuti mkaziyo ndani, iwo osayankha. (Tiyamike waika cholembera pansi, akuti ndidikire amalize kuseka.)

Mavuto tinamuimbira madzulo ake, tonse awiri. Anamvetsera osadula mawu. Ndinaona kuti zamupweteka, poti utoto uja anapaka yekha. Kenako anati chipindacho sichipita kulikonse, ndizibwera miyezi iwiri ya chisanu choopsa ndikawotche mawondo, ndizibwerera. Anapempha chinthu chimodzi, kuti akadzabwera kuno tidzamutenge nayenso, poti chiikireni bambo ake sanapiteko. Za masamba anati ndisadzayerekeze kukwera nawo ndege.

Tsopano kumanda timapita awiri, Loweruka, pagalimoto. Iye amaika maluwa, ine ndimasesa mowazungulira. APhiri ndinawapepesa, ngakhale ndinawauzanso kuti akanatha kunena.

Ndinalonjeza ana kuti ndasiya kudandaula za nyengo, popeza ndaona kumene pakamwa pamafikitsa munthu. Ndinasungadi lonjezolo masiku anayi. Tsiku lachisanu ndinalowa m'sitolo ya pakona, mmwenye uja n'kundifunsa kuti mwadzuka bwanji amayi, ndipo ndisanaganize n'komwe ndinamva pakamwa panga pakuyankha kuti tadzuka, koma kuziziraku kutipha. Anandiyang'ana, n'kukankhira thumba la bulugamu pansi pa kauntala.