Mkeka Waulemu wa Bwana Nyani

Kalekale, pa chilumba china cha m'nyanja yamchere, ankalamulira Nyani Mkwapatira. Chaka china nyanja inalavula ndere zofiirira, milumilu, gombe lonse mbwee! Zikaola, fungo lake ngati mazira ovunda. Nsomba zinayandama chagada, ndipo ntchentche zokha ndi zimene zinanenepa.

Amene zinamuwawa kwenikweni ndi Nachanza, kamba wa m'madzi. Mazira ake anali mumchenga, pafupi kuswa. Nanga tianato tikanadutsa pati popita kumadzi? Tikanangokodwa m'nderemo, akhwangwala n'kuchita phwando. Mayiyo anakwawa mpaka kubwalo kukapempha kuti nyama zilambuleko kanjira kokha.

Anamuyankha ndi Nkhanu, mneneri wa boma, amene sanayendepo molunjika chibadwire. Anati amayiwo asamale pakamwa: zimenezo si ndere, ndi mkeka waulemu umene nyanja yayalira Bwana, ndipo fungolo ndi la chitukuko. Wochotsapo ngakhale kachidutswa ndi woukira.

Abale inu, kunali kuvina! Dzanja lina litatsina mphuno, linalo likugwedeza mbendera. Nsanja ya msonkhano wothokoza nyanja anaimanga pamkeka pomwepo, kumphepete kwenikweni kwa madzi, ati mpofewa.

Tsono pachilumbapo panali mwambo: mfumu ikamalankhula suidula mawu, ngakhale mchira wake ukupsa. Umangoomba m'manja.

"Abale anga okondedwa," anayamba Bwana, "chaka chamawa mkekawu ufika mpaka kuphiri! Aliyense adzagona pofewa!"

Uku madzi akukwera. Chigamba chonse cha ndere chinayandama n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono, nsanja, Nkhanu ndi Bwana ali pomwepo. Aliyense anaona. Gwape, wamtima wabwino mopusa, anatsegula pakamwa kuti achenjeze, Nachanza n'kumuponda phazi.

"Mwambo, achimwene," ananong'ona. "Ombani m'manja."

Ndiye anaombadi! Poona kuti manja achuluka chotere, Bwana anamva kukoma, n'kuwonjezera malonjezo: milatho, mvula yapanthawi yake, nthochi zosenda kale. Mawu ankangocheperachepera, mpaka mwini wake anasanduka kadontho kolozaloza kumwamba. Nguluwe inaseka mpaka kugwa chagada.

Pamene panachoka mkekapo panatsala mchenga woyera mbee. Mchengawo unagwedezeka, timitu tinasuzumira, ndipo tiana ta Nachanza tinathamanga pakati pa miyendo ya ovina, tonse mpaka m'madzi. Mayi wawo misozi ili chuchuchu ndi chimwemwe.

Manja sanaleke kulira, koma tsopano maso onse anali pansi.