Maluwa a buluu a amake Misozi

Lolemba

Ndayamba. Pa maluwa a buluu onse amene amake Misozi anabzala, latsala tsinde limodzi kuseli kwa bafa, lili ndi maluwa kale. Ena anapondedwa pa malilo awo. Dzina lake sindilidziwa, iwo ankangoti "anga aja". Sauma chilimwe, chaka ndi chaka amaphukanso.

Ndikukumba tsinde lija, ndikuligawa ndi mpeni monga ankachitila iwo, ndikubzala mzele pafupi ndi mng'oma wawo. Njuchi zinachokamo chaka chomwe iwo anapita. Ndikufuna zibwelele.

Zofunika: khasu, manyowa a mbuzi, ndowa. Msana wina ukanathandiza.

Lachiwili

Nkhuku zapeza manyowa. Mbande zitatu mizu kumwamba. Ndikubzalanso, ndikutchinga ndi minga.

Amai Zulu a nyumba yapafupi aima ndi mtolo wa nkhuni pamutu: "Ndi ndiwo zanji zimenezi?" Ndikuti sadyedwa. Akuyang'ana ine, akuyang'ana mzele, akupita.

Mwana wanga Misozi waimba foni kuchoka ku Petauke. Akuti chisoso ndi luni ndisalimile, ndizisiye zichite maluwa, njuchi zimakonda. Ntchito yosalimila ndiikwanitsa.

Lachitatu

Amai Zulu abwela ndi anzawo a kuchalichi, aliyense khasu lake. Akuti bwalo la mwamuna wofedwa lisaoneke ngati thengo. Chisoso chonse chapita. Luni ali m'chitenje, akamudya ndi nsinjilo.

Mmodzi akuuza mnzake, poganiza kuti sindikumva: "Mwamuna akayamba kubzala maluwa, ndiye kuti waona wina."

Ndawaphikila tiyi. Shuga watha.

Lachinayi

Njuchi! Zochepa, koma njuchi. Zikulowa m'kaluwa mutu wonse, matako okha kunja. Agulugufe oyela nawo abwela. Njuchi imodzi yazungulila pakhomo pa mng'oma, yalowa, yatuluka, ngati munthu woona nyumba ya lendi.

Kumunda sindinapite. Ndakhala pa mpando wa amake Misozi mpaka dzuwa kupendeka. Ndinatembenuka kuti ndiwauze.

Lachisanu

Ndapita ku chigayo ku Nyimba. Pobwela ndikupeza a Tembo, olima thonje kutsidya kwa msewu, ali pabwalo langa, mpope kumsana, akumwetulila.

"Bambo, tizilombo tinadzaza pa maluwa anu. Ndapopela mankhwala otsala a thonje. Musavutike, n'chithandizo chabe."

Fungo mpaka m'khitchini.

A Tembo ndi amene anagona pano malilo onse, ndi ngolo yawo inanyamula bokosi. Ndawathokoza ndi manja awili. Akuti sabata ya mawa abwelanso.

Loweluka

Pansi pa mzele: njuchi zopinda miyendo, gulugufe mmodzi, chiwala. Ndazitola ndi tsamba, ndazikwilila pansi pa mng'oma, nkhuku zingatole.

Ndikutsuka tsamba lililonse ndi madzi. Ndowa, ndowa, ndowa. Nditangomaliza, mvula yamphamvu! Mzele wasanduka ngalande, mbande zina ndazipeza ku msewu.

Misozi pa foni: "Atate, munawauza a Tembo kuti mukufuna njuchi?" Ndikuti ayi. "Nanga amai Zulu?" Ayi. Waseka mpaka kutsokomola. Akuti amake akanatuluka ndi mthiko.

N'zoona. Zolankhula zonse pakhomo pano zinali zawo. Ine ndinali wotunga madzi.

Pa Sondo

Titatuluka m'chalichi ndawaimitsa a Tembo pa mtengo wa mango. Ndawauza kuti tizilombo tija ndinaitana ndine. Ayang'ana nsapato zawo. Akuti, "Mukanakamba, bambo." Ndikuti inde, ndikanakamba.

Pabwalo patsala mbande ziwili zoima. Ya kumapeto ili ndi maluwa, mpope unatha usanafike pamenepo. Mng'oma uli zii.

Masana kwabwela mlendo mmodzi yekha: bembelezi wakuda, wonenepa, amene akuboola phaso la khonde langa. Akutela pa kaluwa, phesi likuwelama mpaka pansi, iye osasiya. Akumwa, akubwelela ku phaso, utuchi ukugwela m'tiyi wanga.

Patapata yomuphela ndinali nayo kale m'manja. Ndaivala. Khonde lidzagwa nthawi yake ikakwana, koma maluwa awo lelo adyetsa wina.