A Silungwe Sankakhulupirira Buku Asanaliyese

Mphepo ya mu Juni ikatsika m'mapiri, kuno ku Kaseye imalamula ziwiri: chimanga chilowe m'nkhokwe, munthu akhale pafupi ndi moto. A Frackson Silungwe okha ndiwo sankamva lamulolo. Ankakhala panja ndi chigulu cha ana, buku lili m'manja, kuyesa ngati likunena zoona.

Matenda a mabukuwa anawayamba chaka chimene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere. Ana anadzaza mpaka pansi pa mitengo, koma mabuku kunalibe. A Silungwe, atapuma pa ntchito ya umesenjala, anayamba kutolera mabuku a njuchi, a nyenyezi, a mbuzi, a thupi la munthu, n'kumabwereketsa ana. Mabuku a nthano ankawabweza. Ankati zongopeka aliyense ali nazo kale zokwanira m'mutu mwake.

Amene ankaziona ndi akazi awo, mayi Eluby Namsukwa. Buku lina linati nkhuku imaswa pakatha masiku makumi awiri ndi limodzi. Ana analemba mizere ndi makala pakhoma la khitchini lomwe mayiwo anali atangozira. Nkhuku inachedwa ndi tsiku limodzi, ndipo a Silungwe anaidzudzula pamaso pa ana onse.

Lina linati pamwamba pa phiri madzi amawira asanatenthe kwambiri. Anatenga poto wa mayi Eluby, nakwera phiri la kuseri kwa mudzi ndi ana khumi. Choyezera kutentha analibe. Anabwerako chala chitakulungidwa ndi nsanza.

"Ndiye buku lanama?" anafunsa mayi Eluby.

"Silinaname, Namsukwa. Phirili ndi lalifupi."

"Nanga poto wanga?"

"Watsala konko. Loweruka tikayesa chala china."

A Silungwe anamwalira mvula yoyamba itangogwa. Maliro atatha, achibale anatsala kuti agawe katundu monga mwa mwambo. Mng'ono wa malemuwo, a Henderson, mwini kagolosale ku Nthalire, anasuzumira m'bokosi la mabuku nati mapepala otere ndi abwino kukulungira mchere ndi usipa. Mayi Eluby anangoweramitsa mutu. Wamasiye satsutsa mlamu wake pagulu. Koma m'mawa wa tsiku logawalo, popita kumjigo, anaima pakhomo lililonse pamene panali mwana wa sukulu, nanong'oneza mawu oti ana auzane.

Masana a Henderson ananyamula bokosi lija, ndipo linakwera mosavuta.

"Mlamu, lapepuka bwanji?"

"Ndi lanu, alamu, tengani. Mabuku ali kwa ana, m'midzi isanu ndi umodzi. Mukawatolere, yewo."

A Henderson anayang'ana mitambo, anayang'ana matope, kenako nsapato zawo zatsopano. Anati bokosi lokhalo likwanira, adzasungiramo sopo.

Masiku ano njira za ku Kaseye zili zii. Palibe woimitsa munthu wopita kuchigayo kuti awerengere limodzi miyendo ya chiwala. Anthu amafika msanga kumene akupita, koma amafika opanda nkhani. Ana okha amabwerabe pakhonde kudzasinthana mabuku, ndipo amakangana motsitsa mawu, ngati mwini wake wangogona m'nyumbamo.

Dzana kamtsikana kena, Vera, kanabweza buku la mbalame chikuto chitachoka, misozi ikulengeza m'maso. Kanati kanakwera nalo mumtengo kukaona ngati mazira a njiwa alidi awiri.

"Unapeza angati?" anafunsa mayi Eluby.

"Awiri, agogo."

Mayi Eluby anatenga singano yosokera matumba. Anaboola mabowo anayi, anapisa ulusi, anamanga mfundo, nadula ndi mano.